Maliro Atakana pa Msewu wa kwa Mposa

Amati tsoka silinunkha. Langa linanunkha, ndipo fungo lake ndimalidziwabe mpaka lero. Ndi fungo la kilachi ya galimoto ikapsa, longa la chiguduli chonyowa chikagwera pa mbaula. Ndikalimva pa depoti ya Balaka, minibasi ina ikuvutika kunyamuka, ndimangoima chilili. Ndimaona ngati ndabwerera pa msewu wa kwa Mposa, mtembo wa alamu anga uli kumbuyo kwa pikapu yanga.

Ine ndimayendetsa pikapu yakale, yonyamula chimanga, thonje ndi mpunga pakati pa Balaka ndi Liwonde. Mlongo wanga wopondana nane anakwatiwa ndi bambo wa kwa Mposa amene ankagulitsa nsalu mumsika wa Balaka. Anali munthu wonenepa, woseka ndi aliyense. Madzulo ena m'dzinja anagwa pa benchi yake, pakamwa patapotoka, ndipo kunja kukucha anali atatisiya. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Koma kwathu kuno munthu wamphamvu akafa msanga chotero, mawu a dokotala sakwanira. Abale ake atafika m'mawa, ndinaona mmene ankamuyang'anira mlongo wanga, m'mbali mwa diso. Dandaulo lawo linali lakale. Ankati mwana wawo anaiwala kumudzi, anamanga nyumba ya malata m'tauni, ndiye kuti mkaziyu anamudyetsa kanthu.

Asilamufe sitigoneka maliro. Munthu akafa m'mawa amayenera kulowa m'manda dzuwa lisanalowe, ndipo kumudzi anali atayamba kale kukumba. Amene ankatsogolera zonse anali amalume ake a malemu, omwe aliyense ankawatchula kuti amjomba. Ndiwo anamulera. Sanali munthu wokalipa ayi. Anali mlimi wa mpunga, wowonda, woyankhula motsitsa, ndipo maso awo anali ofiira ndi kulira kwenikweni. Akanakhala wokalipa bwenzi nditadziwa powagwira.

Tinagoneka mtembo pakati, wokulungidwa m'nsalu ndi mphasa, n'kusomeka masamba aawisi kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto. Anthu anakwera mpaka masipuling'i anagona. Ndinaona kuti katundu wachuluka, koma pamaliro ungamuuze ndani kuti tsika? Kutsogolo tinakhala atatu: ine, mlongo wanga pakati, amjomba kuchitseko. Kumbuyo, pakati pa abale a malemu, kunali msuweni wawo wina woyendetsa minibasi ku Liwonde, wodziwa zonse ngati mmene amakhalira anthu a minibasi.

Tinawoloka Shire pa Liwonde madzi ali ofiira, odzaza mpaka m'khosi, namasupuni akuyandama. Patala galimoto inayenda bwino, mitunda yonse inakwera. Zinthu zinasintha titasiya tala. Mvula inali itagwa masiku otsatizana, ndipo msewu wodutsa m'madambo a mpunga unali phala lokhalokha. Dothi la kumeneko ndi makande akuda. Likagwira tayala silisiya. Pa dambo lina lalitali tinatitimira mpaka m'mimba mwa galimoto.

Amuna anatsika n'kuyamba kukankha, azimayi anatsala ndi mtembo. Ine ndinachita zimene dalaivala aliyense amachita ngakhale akudziwa kuti n'zoipa: giya wani, livesi, giya wani, livesi, phazi lili pakati pa kilachi, ndikuponda moto kuti galimoto izigwedezeka. Anadula nthambi, anaponya miyala pansi pa matayala. Matope ankathovukira anthu kumaso. Tinalimbana nthawi yaitali, ndipo potsiriza inatuluka. Anthu anati alihamudulila, anapukuta matope ndi udzu n'kukweranso. Fungo lija ndinalimva pamenepo, koma ndinadziuza kuti tifika.

Kutsogolo pang'ono kunali kamtunda. Sikanali kamtunda koti munthu n'kukatchula, mwana wa sukulu amakwera pa njinga osatsika. Dothi lake linali lamiyala, louma, lolimba. Titafika pakati pake, injini inalira kwambiri koma galimoto inayamba kufooka, kenaka inaima. Ndinaponda moto. Injini inabangula, matayala ali chilili, osazungulira ngakhale pang'ono.

M'matope muja palibe anadabwa, chifukwa tayala likamazungulira pamalo amodzi aliyense amaona chifukwa chake. Apa panalibe matope. Giya inali italowa, injini ikulira bwinobwino, msewu uli gwa, koma galimoto yangoima ngati wina waigwira kumbuyo. Kulira kwa azimayi kunadukiza. Kenaka mayi wina kumbuyo ananena zimene onse ankaganiza.

"Maliro akana."

Nkhani zimenezi ndinakula ndikuzimva kwa madalaivala anzanga, zoti wakufa akakhala ndi chakukhosi amaimitsa galimoto panjira. Ndisaname, kwa kanthawi nanenso ndinaopa kuyang'ana pagalasi. Koma mphuno yanga inkandiuza zina.

"Ndi kilachi, amjomba," ndinatero. "Yatentha m'matope muja."

"Zimitsani kaye, bambo," anayankha motsitsa.

Anyamata anaika miyala kumbuyo kwa matayala. Amjomba anatsika, anapita kumbuyo n'kuika dzanja pa mphasa. Anayankhula m'Chiyao, ngati akunyengerera mwana wokana kudya. "Mwanangu, tikupita kwanu. Amayi ako akukudikira. Ngati pali chakupweteka mtima, usatizunze panjira. Tionetse." Atabwerera pampando anandiuza kuti ndiyese. Ndinayesa ndi mtima wonse, ndikupempha chamumtima. Galimoto sinasunthe.

"Mitunda ikuluikulu ija inakwera," anatero amjomba, akuyang'ana kutsogolo. "Kano ndiye kailepheretse? Iyayi. Pali munthu amene sakufuna kuyenda naye. Tizitsika mmodzimmodzi. Akatsika munthu, inu muziyesa. Amene galimoto iyende iye atatsika, ndi yemweyo."

Bambo wina wachikulire anati zimenezi si za Chisilamu, shehe akanakhalapo sakanalola. Koma shehe anali kumudzi, akudikira pamzikiti, ndipo palibe anamumvera bamboyo. Anthu olima m'minda ya mpunga anali atayamba kubwera kudzaona, makasu ndi zikwanje zili m'manja. Sanabwere kudzamenya munthu, anangochokera kumunda. Koma ine ndinaonapo zimene khamu limachita likaloza munthu chala kuti uyu ndi mfiti, ndipo khasu silisankha ntchito.

Apa ndiyenera kufotokoza chimene chinandiopsa. Kilachi ndi kambale kokhala ndi chikopa cholimba mbali zonse. Kamakanikizidwa pa chitsulo chachikulu chozungulira chimene chili kumbuyo kwa injini, cholemera, chonga chiwaya cha tchipisi, chomwe timati fulaiwilo. Ziwirizi zikagwirana, mphamvu ya injini imafika kumatayala. Kambale kaja kakatentha kamaterereka, makamaka katundu akachuluka. Koma kakazizira pang'ono, katundu n'kuchepa, kamagwiranso. Tsono taonani zimene amjomba anakonza osadziwa. Munthu aliyense wotsika ankapeputsa galimoto. Nthawi iliyonse imene ndinkazimitsa injini podikira, kilachi inkazizira. Galimoto inali yoti iyenda basi, panalibe kukaika. Funso linali loti iyenda atatsika ndani. Ndipo amjomba anayambira abale awo, kusiya mlongo wanga kumapeto.

Ndinayesa kuwafotokozera zimenezi. Anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Ngati ndi chitsulo, bambo, mukuopa chiyani?"

Anayamba kutsika. Woyamba, ndinayesa, osayenda. Wachiwiri, chimodzimodzi. Mlongo wanga anali atafunda nsalu mpaka pamphumi, manja ali pamiyendo. Atatsika anthu angapo, ndinamva chimene ndinkachiopa. Pochotsa phazi, galimoto inakoka pang'ono, kukoka kumene amakumva dalaivala yekha m'matako. Kilachi inali itayamba kugwira.

Kuyambira pamenepo sindinachotsenso phazi lonse. Ndinkalikweza theka, n'kuponda moto. Azimayi otsala anatsika mmodzimmodzi, galimoto ili pomwepo. Kumbuyo kunatsala mtembo wokha. Ndinamva msuweni wa minibasi uja akuuza anzake kuti, "Injini imeneyi ikulira mwachilendo. Akatha apa andipatse kiyi, ndiyese ine."

Mawu amenewo anandilasa. Iye akakhala pampando wanga, galimoto ili yopepuka, kilachi itazizira, mlongo wanga ataima pansi, ikwera kamtundako ngati mbuzi.

Amjomba anatsegula chitseko n'kutsika kuti mlongo wanga apeze njira. Kwa kamphindi iwo anali pansi, iye ali m'galimoto. Satana anandinong'oneza kuti liza injini tsopano, chotsa phazi, chala chiloze mwini wake. Mtima unafuna ndithu. Koma ndinayang'ana nkhalamba ija, matope ali m'miyendo, italira mwana amene inamulera, ndipo dzanja langa linakana kutembenuza kiyi. Iwo anakwera kumbuyo n'kukhala pafupi ndi mtembo.

"Tsikani, mayi," anatero.

Mlongo wanga anatsika. Sanapite patali, anaima pachitseko pomwepo, chili chotsegula, atagwira chitsulo chake kuti asagwe. Anthu onse anasendera kumbuyo, n'kumusiya yekha. Ndinaona mwamuna wina akusintha kagwiridwe ka khasu lake. Mwina ankangopumitsa dzanja, sindikudziwa.

Ndinati bisimila, ndinaliza injini, n'kulowetsa giya yachitatu m'malo mwa yoyamba. Ndinakweza phazi mpaka pamene kilachi imayamba kukhudza, n'kuliimitsa pomwepo. Kenaka ndinaponda moto mpaka pansi. Injini inakuwa. Galimoto inkafuna kupita, ndinkaimva ikukoka, ndipo mwendo wanga wamanzere unkagwedezeka ngati wa munthu wa malungo. Ndikanaukweza pang'ono chabe, injini ikanazima kapena galimoto ikanadumpha, ndipo zonsezo zikanandiulula. Amjomba ankakuwa kumbuyo kuti pondani, bambo, pondani! Ndinaponda. Utsi woyera unayamba kutuluka pansi, unalowa m'galimoto, maso anayamba kuwawa. Galimoto imeneyi ndi imene imadyetsa ana anga, ndipo ndinkaiwotcha ndi phazi langa ndikumva. Sindinasiye mpaka ndinamva kukhuluza kwa chitsulo pa chitsulo, kukoka kuja n'kutheratu. Ndinachotsa phazi lonse. Galimoto sinasunthe.

Msuweni uja anatenga kiyi. Anayesa giya zonse, anagwedeza mutu n'kutsika akutsokomola. "Kilachi yapita iyi," anatero. Sindinakondepo munthu wa minibasi ngati tsiku limenelo.

Ndinaganiza kuti zatha. Koma amjomba anatsika pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Chabwino, chitsulo chapsa. Nanga chapseranji lero?" Anatumiza uthenga kumudzi kuti amuna abwere ndi jeneza, bedi lonyamulira maliro lija, adzamunyamule pamapewa. Ndipo anawonjeza, osamuyang'ana mlongo wanga, kuti mayiwa abwerere ku Balaka, pamudzi asakapondepo.

Ndinadziwa tanthauzo lake. Mtembo ukachoka pamenepa pamapewa, nkhani idzakhala yoti malemu anakana galimoto imene munali mkazi wake, ndipo dzina limenelo salichapa ndi sopo. Likanamutsata mumsika, pamjigo, ngakhale kwa ana ake. Ine ndine mwini mbumba. Ndinagwada m'matope pamaso pa amjomba, chinthu chimene sindinachitepo kwa mwamuna mnzanga.

"Ndipatseni mpata ndiikonze. Ikakana nditaikonza, mawu anu ndiwo aime."

Anayang'ana dzuwa. "Mpaka swala ya alasiri," anatero, kunena pemphero la chakumadzulo. "Ikakwana, tinyamula."

Ndinaimbira mnzanga wina, makaniko wa ku Liwonde amene timaswali mzikiti umodzi ndikakhala kumeneko. Ndinamuuza mtundu wa galimoto, ndi kuti ndili ndi maliro. Sanafunse zambiri. Anthu anatsitsa mtembo n'kuugoneka pansi pa mtengo wa mango, azimayi atauzungulira, akuingitsa ntchentche ndi nsalu. Mlongo wanga anakhala payekha pa chulu, palibe anamuyandikira. Podikira ndinakweza galimoto ndi jeke, ndinaika miyala pansi pake, n'kuyamba kumasula shafuti yopita kumatayala akumbuyo ndi masipanala ochepa amene ndinali nawo.

Makaniko anafika pa njinga yamoto, matope mpaka m'chiuno, thumba la zida lili kumsana, kilachi yatsopano ndi chokanikizira chake atazikulunga m'pepala la pulasitiki. Anapereka salamu kwa akuluakulu, n'kulowa pansi pa galimoto. Tinachotsa sitata, tinamasula mabawuti ozungulira giyabokosi, ena obisika moti unkachita kuwapapasa ndi zala. Zitsulo zinali zikadali zotentha. Tinamanga giyabokosi ndi chingwe pa mtengo umene tinaupingasa m'kati mwa galimoto, tinaikokera kumbuyo, ndipo inatsikira pazifuwa zathu, yolemera ngati thumba la simenti.

M'chibaba chimene mumakhala kilachi munali matope a makande, ataphikika ndi moto mpaka kuuma ngati njerwa. Tinawagoba ndi sikuludalaiva. Kambale kaja katatuluka, chikopa chake chinali chitatha. Panatsala ulusi wakuda ndi timisomali tamkuwa tili pamtunda. Makaniko anakaponya panja kuti anthu aone, ndipo ndinamva akupatsirana, akung'ung'udza. Kenaka anapukuta fulaiwilo ndi chiguduli, n'kuwalitsa tochi ya foni.

Chitsulo chimene chimayenera kukhala chosalala, chotuwa, chinali ndi mawanga abuluu. Timisomali tija tinali titalima mizere mozungulira. Ndipo panali timing'alu ting'onoting'ono ponseponse, ngati ta chidendene cha munthu m'chilimwe. Anayendetsa chikhadabo pamwamba pake, chikhadabo n'kumakodwa.

"Achimwene," ananong'ona, "awa si matope okha. Apa panaima phazi la munthu."

"Kodi igwira?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana m'mdima wa pansi pa galimotomo, kenaka anayang'ana kuchulu kumene kunali mlongo wanga. Sanafunsenso za phazi.

"Iyi imafunika kuichotsa, ikapalidwe pa makina m'tauni. Mwinanso n'kutaya. Mukaika mbale yatsopano pamenepa, itha kugwira monjenjemera, itha kuterereka ngati poyamba. Ming'aluyi ikakhala yakuya, chitsulo chitha kusweka chikuzungulira, ndipo miyendo yanu ili pamwamba pake pomwepa."

"Nthawi yopita m'tauni palibe."

"Ndikudziwa. Bweretsani sandipepa."

Tinakulunga sandipepa pa kathabwa n'kuyamba kukwecha, kusinthana, wina akukwecha wina akuzungulitsa injini pang'onopang'ono ndi sipanala. Mawanga abuluu aja ndi olimba kuposa chitsulo chinzake, sandipepa inkangotha iwo ali pomwepo. Fumbi lachitsulo linkagwera m'maso. Chagada pansi pamenepo ndinkaona miyendo yokha ya anthu, ndipo miyendo inkachuluka. Kenaka ndinaona miyendo inayi ya jeneza ikuikidwa pansi m'mbali mwa msewu. Amuna a kumudzi anali atafika. Chakumapiri a Chikala kunayamba kugunda. Paja mvula ikakuona litsiro sikata.

Tinatsuka fulaiwilo ndi petulo wa m'njinga yamoto ija. Mizere inachepa, ming'alu inatsala. Makaniko anasema kamtengo ndi mpeni, kosongoka bwino, n'kukalowetsa pakati kuti mbale yatsopano ikhale pakatikati penipeni pamene tikumanga chokanikizira. Anamanga mabawuti modumphadumpha, pang'onopang'ono, ine mtima uli m'mwamba kufuna kumulanda sipanala. Kenaka tinakweza giyabokosi kuti ibwerere m'malo mwake, ndipo inakana.

Aliyense amene anagwirapo ntchito imeneyi amadziwa. Mano a shafuti ayenera kulowa m'mano a mbale, ndipo zikasemphana pang'ono chabe, giyabokosi imaima patsala mpata wa zala ziwiri. Tinakankha ndi mawondo, tinagwedeza, tinatsitsa, tinakwezanso. Mikono yanga inafa dzanzi. Kunja ndinamva mmodzi wa amuna aja akuitana anthu ku swala, ndipo ndinadziwa kuti alasiri yakwana. Anthu anatawaza ndi madzi a m'ngalande, anayala nsalu paudzu n'kuima m'mizere. Ife awiri tinatsala pansi pa galimoto. Misozi inkatsikira m'makutu mwanga chifukwa ndinali chagada. Ndinkaopa kuti akangopereka salamu yomaliza, anyamula.

"Zungulitsani kumbuyoko pang'ono," anatero makaniko. "Pang'ono. Basi, gwirani pomwepo."

Anaiponda ndi mapazi onse awiri, ndipo inati khutchu, n'kulowa.

Swala itatha, amjomba anabwera n'kuwerama. Anationa tikumanga mabawuti, nkhope zili bii. Sindikudziwa chimene anaona, koma anauza amuna a jeneza kuti adikire pang'ono. Tinabwezera sitata ndi shafuti, tinachotsa miyala, n'kutsitsa jeke. Madontho oyamba a mvula anali atayamba kugwa pamene ankakweza mtembo.

"Mayiwa akwere njinga yamoto ndi amakanikowa," anatero amjomba. "Tisayese Mulungu."

"Iyayi," ndinatero. Mawu anga anatuluka okwera kuposa mmene ndinafunira. "Akhala pamene anakhala. Ndipo onse amene anakwera ku Balaka akwerenso, pasatsale ndi mmodzi yemwe. Ngati alamu anga ali ndi mawu, anene tonse tili momwemo."

Makaniko anandiyang'ana ngati ndapenga, chifukwa mbale yatsopano pa fulaiwilo yotero siifuna katundu. Nanenso ndinkadziwa. Koma galimoto ikanakwera yopepuka, mkamwa mwa anthu mukanatsala mawu. Anakwera onse, masipuling'i anagonanso. Mlongo wanga anabwera kuchokera pachulu paja, anakhala pakati, osandiyang'ana. Amjomba anatseka chitseko.

Sindinaopepo chinthu ngati mmene ndinaopera kukweza phazi langa nthawi imeneyo. Ndinkaganiza za ming'alu ija ikuzungulira pansi pa miyendo yathu. Ndinkaganiza za makasu. Ndinalowetsa giya wani, n'kuyamba kukweza pang'onopang'ono. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka galimoto yonse inayamba kunjenjemera mwamphamvu, zitseko zikulira, giya ikumenya dzanja langa. Kumbuyo azimayi anakuwa, chifukwa mtembo unkagwedezeka pa mphasa ngati munthu akufuna kudzuka. Amjomba anagwira dashibodi ndi manja awiri akutchula dzina la Mulungu. Ine ndinangoti zivute zitani, n'kuchotsa phazi lonse.

Inagwira. Inakwera kamtunda kaja ikubuula, inafika pamwamba, n'kuyamba kutsetsereka. Sinaimenso mpaka tinaona mzikiti wa kumudzi. Tinamuika m'manda dzuwa lili pafupi kulowa, mvula ikuwaza, ndipo mlongo wanga analira mwamuna wake m'nyumba ya apongozi ake monga mkazi aliyense. Pobwerera kumanda amjomba anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Fulaiwilo ija ndinakaichotsa ku Balaka sabata yotsatira. Wa makina ataiona anakana kuipala, anati ming'alu yalowa mkati, ndipo anadabwa kuti ndinafika nayo. Ndinagula ina yakale kwa ophwasula magalimoto. Yowonongekayo inangokhala pakhonde panga, ana n'kumakhalira.

Mlongo wanga analowa eda, miyezi imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba osayendayenda. Ndinkapita kukamuona, kumusiyira ufa ndi sopo. Ankandilonjera mwaulemu, maso ali pansi, mawu ochepa. Ndinkati ndi chisoni cha mwamuna wake, ndipo mumtima ndinkadzitama kuti ndinamupulumutsa iye osadziwa n'komwe.

Eda itatha anabwera kwathu masana ena. Anandipeza ndikutsuka galimoto. Anakhala pakhonde, pafupi ndi chitsulo chija.

"Achimwene, tsiku lija ndinaona phazi lanu."

Ndinasiya chiguduli m'ndowa.

"Chitseko chinali chotsegula. Ine galimoto sindiidziwa, koma ndakwera nanu kuyambira kale. Ndimadziwa kuti ikamanyamuka, phazi lija mumalichotsa. Tsiku lija simunalichotse." Anandiyang'ana m'maso. "Ndiye ndinati, achimwene anga akudziwa kuti ine ndikatsika iyenda. Akudziwa bwanji? Ndiye kuti nawonso akuganiza kuti ndine. Akungondibisa chifukwa ndine mlongo wawo."

Ndinakhala pansi, pafumbi, n'kukoka fulaiwilo ija. Ndinamuonetsa mawanga, mizere, ming'alu. Ndinamufotokozera za kambale kotentha, za katundu, za kuzizira, kuti ikanayenda ngakhale akanatsika shehe, ngakhale likanatsika thumba la chimanga. Ndinayankhula mofulumira, mobwerezabwereza, ngati munthu wogwidwa ndi mbuzi ya eni. Ndinalumbira kuti ngakhale kamphindi kamodzi sindinamuganizirepo.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anayendetsa chala pa ming'alu ija.

"Ndiye ikanayendadi, ine nditaima pansi paja."

"Ikanayenda, chemwali."

Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango wake.

"Mukanandiuza tsiku lomwelo, achimwene," anatero. "Eda yonseyi ine ndimalira anthu awiri."